Mpweya wa klorini m'kasitolo ka pamsika: lipoti la zimene zinachitika ndi zimene tasintha

Ndimagwira ntchito ya zaukhondo ndi zaumoyo wa m'makomboni, imene mwachidule amaitcha EHT, pa kiliniki ina kumadzulo kwa Lusaka, ndiponso ndine mlembi wa kakomiti kathu koona za ngozi zadzidzidzi m'dera. Lipotili ndalembera anzanga a ntchito ngati yanga, a makomiti a misika, ndi a makomiti a zaumoyo. Dzina la msika ndi maina a anthu sinditchula. Cholakwa chimene ndifotokoze pano tinachichita ambiri, ndipo ine ndili kutsogolo kwa mzerewo.

Kolera imene inayamba mu Okutobala 2023 inali itafika povuta mu Januwale 2024. Sukulu zinachedwa kutsegulidwa, ndipo National Heroes Stadium inasanduka malo ogonekamo odwala. Kudera ngati lathu, kumene madzi a pansi ali pafupi ndipo zitsime zosazama zayandikana ndi zimbudzi zokumba, chida chathu chachikulu chinali klorini wa timibulu toyera amene tonse timangomutchula kuti HTH. Tinalandira madiramu awiri apulasitiki a makilogalamu 25. Kukiliniki malo kunalibe, chipinda chilichonse chinali ndi odwala kapena makatoni a madiripi. Tinagwirizana ndi a komiti ya msika kuti madiramuwo akhale m'kasitolo ka kuseri kwa zimbudzi zolipira, popeza ndi pamene anyamata odzipereka ankasungunulira mankhwala m'mawa uliwonse: wa 0.05% wosambira m'manja pachipata, wa 0.2% wopopera pansi ndi pamatebulo, wa 2% wothira pa masanzi ndi chimbudzi cha wodwala.

Amene anavomereza malowo ndine. Ndinaona kuti chitseko chili ndi loko, ndinaona kuti madzi osefukira safikamo, ndinasaina. M'mwamba sindinayang'ane.

Pamwamba pa madiramuwo panali thabwa lokhomedwa kukhoma, pamene Amai oyeretsa zimbudzi ankaikapo zinthu zawo kuyambira kale: matsache, sopo, magulovu ong'ambika, ndi chigubu cha malita 5 cha spirit of salt, asidi uja amagulitsa ku hadiweya wochotsera chikasu m'zimbudzi. Chivindikiro cha chigubucho chinatayika kalekale, pakamwa pake anangomangapo pulasitiki ndi mphira. Lata lodontha linali pamwamba pomwepo, ndiye thabwalo linali litamwa madzi kwa milungu.

Tsikulo kunacha kuli mitambo, mvula itagwa usiku, kamphepo kulibe ngakhale pang'ono. Cha m'ma 06:00 anyamata anatapa HTH, chivindikiro cha diramu n'kungochisanjika pambali poti abweranso. Amai atafika anakoka tsache pathabwa paja. Msomali unazuka, thabwa linapendekeka, chigubu chinagwera chadodolido m'diramu lotsegula.

HTH ndi calcium hypochlorite, ndipo mphamvu ya klorini m'menemo imakhala 65 mpaka 70%. Ikakumana ndi asidi imatulutsa mpweya wa klorini nthawi yomweyo. Mpweyawu ndi wachikasu chobiriwirako, ndipo umalemera kuposa mpweya wamba pafupifupi kawiri ndi theka. Apa ndi pamene pagona nkhani yonse ya mmawa umenewo. Utsi wa mbaula umakwera, anthu tinauzolowera choncho. Klorini sakwera. Amayenda pansi ngati madzi, kufunafuna potsika, ndipo kukakhala kopanda mphepo amakhazikika pamenepo. Akafika pa chinyezi cha m'maso, pakhosi ndi m'mapapo amasanduka asidi.

Amai anatuluka akutsokomola, maso ali gwa osatseguka. A mlonda, bambo wachikulire amene anali pafupi kuweruka, anaona chiutsi chikutuluka pakhomo ndipo anachita zimene munthu wa mtima wabwino aliyense akanachita: anatenga ndowa ya madzi, analowa, anathira m'diramu. Madzi ochepa pa HTH yambiri amangoyitenthetsa n'kuyithovola. Zinawafalikira m'manja ndi pamalaya, ndipo pa anthu onse iwo ndi amene anapuma mpweya wochuluka. Wina anakuwa kuti moto. Anthu anathawa, ndipo anathawira kumene amathawira nthawi zonse, kukageti kakumbuyo kotsetsereka m'mbali mwa ngalande, chifukwa ndi kwachidule. Mpweya nawo unadzera komweko. Pamzere wakumunsi umenewo ndi pamene amayi ogulitsa repu ndi tomato amakhala pansi pamasaka, ndipo mmodzi anali atagoneka khanda pachitenje pambali pake.

Ine anandiimbira a Chair a msika patapita mphindi ngati makumi awiri. Mawu awo ndimawakumbukira mpaka lero: "Ba EHT, bwerani msanga, mankhwala anu aja aphulika." Mankhwala anu. Sindinatsutse.

Fungo ndinalimva ndili kumsewu. Ndinapeza Amai atakhala pansi pafupi ndi mpopi, wina akuwamwetsa mkaka wa m'paketi, wina wabwera ndi kabotolo ka saladi, wina akusinja malasha. Kwathu kuno poizoni aliyense mankhwala ake ndi mkaka, ndipo chikhulupiriro chimenechi sichitha ndi msonkhano umodzi. Ndinagwada ndi kuwachotsa paketiyo.

"Amai, mkaka ayi. Khalani tsonga, mupume pang'onopang'ono."

"Mwana wanga, pachifuwa pakuotcha ngati ndameza khala."

Poizoniyo sanapite m'mimba, anapita m'mapapo, kumene mkaka sufika. Ndipo munthu amene akutsokomola mosalekeza ukamumwetsa kanthu, makamaka mafuta, akhoza kutsamwa zinthuzo n'kulowa m'mapapo momwemo. Chofunika chinali kumuchotsa pampweyawo, kumukhazika tsonga, kumuvula zovala zakunja ndi kutsuka maso ndi madzi oyera kwa mphindi zosachepera 15. Apa tinakumana ndi chinthu choseketsa chosasekeka. Ndowa iliyonse pamsika, chifukwa cha khama lathu lomwe, inali ndi klorini. Madzi opanda mankhwala athuwo tinachita kutuma mnyamata wa wilibala kukatunga kukiyosiki. Amayi anayi anatambasula zitenje kupanga kampanda kuti Amai avule osaonedwa.

Tinasamutsira anthu kumtunda, pa sitesheni ya mabasi, n'kumanga chingwe pakhwalala lolowera kuzimbudzi. Odwala tinawapititsa kukiliniki ndi takisi imodzi ndi wilibala. A Sister anaona anthu 7. Klorini alibe mankhwala omuthetsa mphamvu m'thupi, chimene timachita ndi kuthandiza munthu kupuma mpaka thupi lidzichiritse: okosijeni, salbutamol kwa amene chifuwa chikulira, ndi kuyang'anira. Asanu anabwerera kunyumba madzulo atauzidwa zizindikiro zoti akaziona abwerenso. Khanda ndi a mlonda tinawalembera kalata ya kuchipatala chachikulu. A mlonda anakana. Ankati akumva bwino, maso asiya kuwawa, ndipo usiku ali ndi ntchito. Tinalimbana nawo mpaka mwana wawo wamkulu anabwera kudzawanyengerera. Vuto la klorini ndi lakuti madzi amatha kuyamba kudzaza m'mapapo patapita maola, munthu ataona ngati zatha. Usiku womwewo kupuma kunawavuta, ndipo anakhala pa okosijeni masiku angapo. Akanakhala kuti anabwerera pageti la msika, lipotili likanakhala la mtundu wina. Palibe amene anamwalira.

A ozimitsa moto anaimbiridwa pa 993 ndi munthu amene anangoti "moto pamsika". Anabwera akudziwa kuti akukazimitsa moto. Motoka yawo inaima kumsewu, chifukwa njira imene pamapu a khonsolo ndi yolowera galimoto inadzaza tuntemba zaka zapitazo. Anatsika ndi zida zopumira n'kuyenda pansi. Mkulu wawo anandifunsa mafunso atatu: ndi mankhwala anji, ndi ochuluka bwanji, ndipo m'chipindamo muli chiyaninso. Awiri oyamba ndinayankha. Lachitatu ndinayang'ana a Chair, a Chair anayang'ana msungichuma, msungichuma anayang'ana pansi. Munthu yekhayo amene ankadziwa zonse za m'kasitolomo anali pabedi kukiliniki, chophimba cha okosijeni kumaso.

Atalowa anatulutsa, kuwonjezera pa madiramu athu, chigubu cha malita 20 cha petulo wa jenereta ya wina wogulitsa nyama, ndi kabotolo ka buleki fuluwidi ka makaniko wa kuseri. Onsewa ankasungitsa zinthu zawo m'menemo chifukwa ndi chipinda chokhacho chokhala ndi loko wabwino, loko yemweyo amene anandisangalatsa ine. HTH ili m'gulu la mankhwala okolezera moto, aja chizindikiro chake ndi chachikasu cholembedwa 5.1. Ikakhudzana ndi mafuta kapena buleki fuluwidi imatha kuyaka yokha popanda machesi. Chigubu chimene chinagwa chikanakhala china, tikanataya mzere wonse wa masitolo.

Madzi otsukira chipindacho sitinawalole kulowa m'ngalande. Tinatseka ndi matumba a mchenga, popeza kumunsi kwake kuli nyumba zimene zimamwa m'zitsime zosazama, ndipo mwala wa laimu umene Lusaka yakhalapo uli ndi ming'alu yopititsa chilichonse msanga kumadzi a pansi. Tinadziwitsa a khonsolo ndi a ZEMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, amene lamulo la Environmental Management Act la 2011 linawapatsa udindo pa mankhwala oopsa ndi zinyalala zake.

Tsopano pulani. Anthu akamva nkhaniyi amaganiza kuti tinalibe pulani ya ngozi. Tinali nayo, ya masamba 12, yolembedwa m'Chingerezi chabwino, ili m'faelo m'kabati ya a Chair. Lamulo la Disaster Management Act la 2010 linakhazikitsa makomiti a ngozi kuyambira pa dziko lonse, zigawo, maboma, mpaka timakomiti ta m'madera, ndipo amene amagwirizanitsa zonse ndi a DMMU, nthambi yoona za ngozi zadzidzidzi ya mu ofesi ya Wachiwiri kwa Pulezidenti. Ife tinatsatira dongosolo limenelo mokhulupirika. Pulani yathu inali ndi mutu wa madzi osefukira, wa kolera, wa moto wa pamsika, ndi wa thanka yogubuduzika pamsewu waukulu.

Mutu wa thankawo ndinalemba ndine, ndipo ndinkaunyadira. Ndinaulemba ndikukumbukira za ku Caphiridzange m'chigawo cha Tete ku Mozambique mu Novembala 2016, ndi za ku Morogoro ku Tanzania mu Ogasiti 2019, kumene anthu ochuluka anapsa atathamangira ndi zigubu kukatapa mafuta pa thanka. Ndinalembamo manambala anayi aja amakhala pachikwangwani cha thanka: 1203 ndi petulo, 1202 ndi dizilo, 1075 ndi gasi wophikira, 1830 ndi asidi wa sulphuric amene migodi imagwiritsa ntchito kwambiri. Zonsezi n'zoona ndipo n'zofunika, mutuwo sitinauchotse. Koma maso a pulani yonse anali kumsewu. Tinkadikira ngozi yobwera ndi mlendo, ya mawilo ambiri, yokhala ndi chikwangwani chodzitchula dzina. Chinthu chimene tinanyamula tokha n'kuchiika kuseri kwa zimbudzi sichinalembedwe paliponse, chifukwa m'mitu mwathu HTH inali mankhwala opulumutsa anthu, ndipo chopulumutsa sitichiwerengera pa zoopsa.

Choipa kwambiri ndinachiona nditawerenganso tsamba la malo osonkhanira. Tinalemba kuti pa ngozi iliyonse anthu akasonkhane pabwalo la mpira. Bwalolo ndi lalikulu, ndi lapoyera, aliyense amalidziwa. Ndi malonso otsika kuposa ena onse m'deralo, kumene ngalande ija imathera. Pa moto lilibe vuto. Pa klorini, pa gasi wophikira amenenso amalemera kuposa mpweya wamba, ndi pa madzi osefukira, tinali titalemba kuti anthu apite kukakumana ndi chimene akuthawa. Mwayi wake palibe amene anawerengapo pulaniyo.

Zimene tasintha zinayamba ndi kuyenda, osati kulemba. Amai atachira tinawapempha kuti atitsogolere, pamodzi ndi a mlonda ndi anyamata awiri a wilibala, anthu amene amadziwa chimene chimalowa ndi kutuluka pakhomo lililonse. A komiti ena zinawawawa kutsogoleredwa ndi wotsuka zimbudzi, koma tsiku loyamba lisanathe anasiya kung'ung'udza. Tinayenda kangapo, ndipo ulendo wa kumapeto kwa 2024 unaonetsa zambiri kuposa woyamba. Chilala cha chaka chimenecho chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima maola ochuluka, ndiye majenereta anachuluka, petulo wa m'zigubu anafika pansi pa matebulo a ometa tsitsi, ndipo tinapeza munthu akuthira gasi kuchokera m'silinda yaikulu kupita m'zing'onozing'ono kuseri kwa kantemba, mbaula ya mnzake wokazinga chimanga ikuyaka mapazi ochepa kuchokera pamenepo. Kwa okonza mabatire tinapeza asidi m'mabotolo a zakumwa opanda cholembapo, pamalo pofika mwana.

Chimene chinandisowetsa tulo ndi mapiritsi ophera anankafumbwe m'chimanga, a aluminium phosphide. Amayenera kugwiritsidwa ntchito ndi anthu ophunzitsidwa, m'malo otsekedwa osagonamo munthu. Ife tinawapeza akugulitsidwa limodzilimodzi atakulungidwa m'pepala. Piritsi limeneli likamva chinyezi limatulutsa mpweya wa phosphine, wonunkha ngati adyo kapena nsomba yowola, ndipo nawonso alibe mankhwala omuthetsa. M'komboni, chipinda chosungira matumba a chimanga chochokera kumudzi ndi chomwecho chogona ana. Mayi wina anatiuza mosabisa kuti amaika piritsi limodzi pathumba lililonse n'kukankhira pansi pa bedi.

Pano pali nkhani imene ine ndi anzanga ena a ntchito sitigwirizana mpaka lero. Paulendo umenewu sitinalande kanthu ndipo sitinalembe wina aliyense mlandu. Tinanena poyera kuti tabwera kudzadziwa, kuti tsiku la ngozi a ozimitsa moto asalowe chimbulimbuli. Mnzanga wina akuti pamenepo ndinanyalanyaza udindo wanga, popeza zina mwa zinthuzo n'zosemphana ndi lamulo. Ndimamumvetsa. Koma ndikudziwanso msika wathu: ukalanda chigubu chimodzi Lolemba, Lachiwiri zigubu zonse zasamukira m'nyumba zogona, ndipo palibenso amene adzakuuze zoona. Ndinasankha kudziwa kaye. Wothira gasi uja yekha ndi amene sitinamunyengerere. Tinamupatsa sabata imodzi, ndipo atapitiriza tinakamunenera, chifukwa kugulitsa mafuta ndi gasi kumafuna chilolezo cha Energy Regulation Board, ndipo iye akanapha anthu osalakwa. Za mapiritsi a chimanga tikulankhulabe m'misonkhano ya sikelo ya ana, kumene amayi amamva.

Pulani yatsopano ndi tsamba limodzi, m'Chinyanja, zilembo zazikulu, lomatidwa pachitseko cha chipinda chilichonse chosungira zoopsa ndi pa ofesi ya msika. Limanena chimene chili mkati, kuchuluka kwake, chimene sichiyenera kuyandikira, ndi amene ali ndi kiyi. Malo osonkhanira tsopano ndi awiri, onse okwera, limodzi kum'mawa lina kumadzulo, ndipo pamtengo wa pakati pa msika tinamangapo kansalu ka chitenje kosonyeza kumene mphepo ikupita. Lamulo timalinena mwachidule kuti ana omwe aligwire: thawira kumtunda, mphepo ikuombe kumaso. Woimba foni ku 993 ayenera kunena malo ndi polowera, dzina la chinthucho kapena nambala ya pachikwangwani, ngati ndi moto kapena mpweya kapena zotayika, ndi anthu angati avulala. Pa ofesi pali diramu la madzi oyera lolembedwa kuti la maso, limene anyamata a klorini saloledwa kulikhudza.

Tinayeserera koyamba Lamlungu masana, ndipo zinakanika bwinobwino. Chizindikiro tinasankha wisilo. Wisilo italira, ogulitsa a kunja kwa mpanda anaganiza kuti ndi apolisi a khonsolo, anakulunga katundu n'kumwazikana mbali zonse, ambiri kudzera kukageti kakumunsi komwe kaja. Palibe amene anayang'ana kansalu. Tinasintha, tsopano timamenya rimu ya galimoto yopachikidwa pamtengo, phokoso limene silifanana ndi la wina aliyense wothamangitsa anthu. Ulendo wachiwiri anthu oposa theka anapita kumtunda. Enawo anaima kuonerera, monga timachitira.

Zosatheka zilipo. Makina a okosijeni a kukiliniki amadalira magetsi, ndipo ngoziyi ikanagwa pa maola ozima zikanavuta. Damu la zinyalala za asidi za mgodi litaphulika ku Chambishi mu Febuluwale 2025 n'kuipitsa mtsinje wa Kafue, umenenso mbali ina ya madzi a Lusaka imachokera, a komiti anandifunsa kuti tidzatani mipopi ikadzatsekedwa masiku angapo anthu n'kubwerera kuzitsime. Yankho lokwanira sitinalilembe. Ndipo Amai aja, amene amalipidwa tsiku ndi tsiku kuchokera pa ndalama za pachimbudzi, sanalembetsedwe kulikonse kumene wovulala pantchito amalandirako chipukuta misozi. Milungu itatu imene anakhala kunyumba tinachita kusonkha. Nyengo yozizira ikafika amatsokomolabe, chifuwa chimene kale analibe.

HTH tsopano imakhala m'kachipinda kake kokha ka mabuloko, kouma, kokhala ndi mabowo a mpweya, diramu lili pa phaleti, pamwamba popanda thabwa. Kiyi tinapereka kwa Amai. Mwezi watha mnyamata wina wodzipereka anafuna kusungamo njinga yake pamodzi ndi kabotolo ka oyilo, iwo anamubweza pakhomo, ndipo atawatchulira dzina la a Chair anamuuza kuti akawaitane a Chairwo adzawerenge pepala la pachitseko okha.

Njira ya motoka ya ozimitsa moto ikadali yodzaza tuntemba. Eni ake amalipira levi tsiku lililonse ndipo ali ndi ana kusukulu, ndiye palibe wa komiti amene akufuna kuyamba kutchula mawu oti kugumula. Tinayeza ndi tepi, tinapeza kuti tuntemba zinayi zokha za pakona zitasunthira mkati pang'ono, motoka ikhoza kufika pa ofesi. Eni atatu avomera ngati tiwathandiza misomali ndi mapulanga. Wachinayi akuti ayambe wafunsa mlamu wake, mwini kantembayo, amene ali ku Chipata.